Chitseko cha Mana Violeta

1

"Mwanayu mupite naye kuchipatala. Sakukodza ngati mwana wamwamuna."

Anatero Mana Violeta tsiku limene tinkatulutsa mwana wanga Anselmo m'chikuta, mchombo utagwa. Amayi a pamudzi anali atadzaza pakhonde, aliyense atafunda makapulana awiri, zitenje zathu zija, chifukwa kuno ku Lifidzi mphepo ya mwezi wa Junyu imalowa mpaka m'mafupa. Mwana anali atamuvula kuti amumete ndi kumusambitsa. Paja kwathu kuno mwana wamwamuna akavulidwa, amayi amayamba kuzemba nkhope uku akuseka, podziwa kuti kasupe aphulika nthawi ina iliyonse. Amene wathiridwa timati wadalitsidwa.

Anselmo sanadalitse munthu. Anakwinya nkhope, n'kubuula ngati bambo wonyamula thumba la adubu, feteleza uja, ndipo kunangotuluka timadontho, do, do, do, totsikira m'ntchafu.

Apongozi anga, a Ercília, anaomba m'manja.

"Mwamva, amayi inu? Munthu amene sanaberekepo ngakhale khoswe akutiphunzitsa kakodzedwe ka mwana!"

"Mayi, ndinagwira ntchito ya userventi ku maternidadi, kumene amayi amachirira, zaka zisanu ndi chimodzi," anatero Mana Violeta. "Ana aamuna ndawaona ambiri. Uyu akuchita kukankha."

"Unkakolopa. Ndiye uzikolopa, udotolo usiyire eni ake."

Khonde lonse linafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, mwinanso kuposa onse. Koma pa amayi onse aja ndine ndekha ndinkadziwa kuti Mana Violeta akunena zoona. Mmene ndinadziwira ndikuuzani, koma mundilole ndifikeko pang'onopang'ono.

Dzina langa ndine Neusa. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndinamaliza desima kalasi, chaka chakhumi cha sukulu, ku Ulongwe. Ndinatengedwa kubwera kuno kwa mwamuna wanga Martinho, mlimi wa kachewere amene amakagulitsa yekha ku Tete pa kamyau, galimoto yaikulu ya katundu. Mana Violeta ndi mkazi wamasiye wa malemu Bartolomeu, mkulu wake wa Martinho. Analibe mwana. Maliro atatha anakana kubwerera kwawo, n'kukhalabe m'nyumba ya malata imene anamanga ndi mwamuna wawo, kumunsi kwa khola la nkhumba. Ndiwo ankandiphikira ndili m'chikuta, kunditenthetsera madzi ndi kundithowa msana. Mukumbukire zimenezi pamene mukuwerenga zotsatirazi.

2

Martinho anakondwa ndi mwana wamwamuna mpaka kupepera. Anabwera ndi chimtolo cha mafralda, matewera otaya a m'sitolo aja, kuchokera ku Tete.

"Mwana wanga savala zisanza ngati ana a m'mudzi muno," anatero akuliponya pamphasa.

Mafralda aja anandithandiza kubisa. Mwana wa thewera aliyense amamuona mmene akukodzera. Wa fralda zonse zimathera m'kati, iwe n'kukulunga, n'kukaponya m'chimbudzi. Apongozi akafunsa, ndinkangoti, "Akunyowetsa bwinobwino, mayi." Ndipo silinali bodza lenileni. Fralda linkakhala lonyowa nthawi zonse, chifukwa mkodzo sunkasiya kudontha.

Anthu akapita kumadimba, ndinkatseka chitseko, kumuvula mwana, kumugoneka pa kapulana n'kukhala pambali kudikira. Ndinkapemphera kuti ndione kasupe ngakhale kamodzi kokha. Ndinkamupatsa bere, n'kudikira. Ndinkaliza kamluzu monga amachitira amayi. Iye ankangobuula, kupinda timiyendo, kulira mpaka mawu kutha, kenako timadontho tija. Pansi pa mchombo panali chinthu cholimba ngati lalanje losapsa. Ndinkachikhudza m'mawa, masana ndi madzulo, kudzinamiza kuti lero chachepako.

Tsiku lokamuyeza pa sikelo litafika, ndinanamizira mutu. Ulendo wachiwiri ndinati mphepo yachuluka, mwana angadwale chifuwa. Zoona zake n'zoti ndinkaopa funso limodzi limene anamwino akanandifunsa pamaso pa mwamuna wanga.

Mana Violeta sanatope. Tsiku lina anandipeza ndikutsuka mbale.

"Iwe Neusa, sukulu unapita. Maso uli nawo. Ukudikira chiyani?"

"Akuchira, Mana."

"Ndipatse ndimugwire pamimba."

"Wagona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola nkhuni zawo n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwaopa, ndipo munthu ukamuopa suchedwa kumuda.

3

Anselmo atakwanitsa masabata asanu ndi awiri, fralda silinathenso kubisa kanthu. Mimba inatupa n'kumanyezimira, timanja tinaonda ngati timitengo ta nandolo, akayamwa ankasanza. Apongozi anaitanitsa amayi awiri akuluakulu a ku banja lawo. Anatikhazika m'nyumba, ine ndi Martinho, mwana ali pakati pa mphasa.

Wamkulu pa awiriwo anamutembenuza mwana, n'kudina kaphazi ndi chala.

"Palibe chofunsa apa. Ili ndi tsempho. Mwanayu wadulidwa."

Inu a m'tauni mwina munaiwala. Mwana wakhanda amene makolo ake sanamutengere kumphasa amakhala wozizira. Bambo ndi mayi amayenera kudzisunga. Wina akayenda njira zachisembwere n'kudzamugwira mwanayo, kapena kuthira mchere m'ndiwo za mayi woyamwitsa, amati mwana amatupa n'kufota mpaka wolakwayo ataulula.

"Tiyambe ndi bambo," anatero mayi uja. "Martinho, maulendo a ku Tete aja mumagona kuti?"

"Pamwamba pa matumba, azakhali. Mufunse woyendetsa kamyau."

"Mwana wanga ndimamudziwa ine," apongozi analowerera msangamsanga. "Pitirirani."

Ine ndine munthu woyang'anitsitsa zinthu. Ndinaona kuti Martinho akutuluka thukuta pamphuno, chonsecho kunkazizira moti tonse tinali titapinda manja m'khwapa. Ndinaona, koma mantha anga anali aakulu kuposa nzeru zanga.

"Nanga inu, mtengwa? Muli ndi pakati paja mumakondatu kupita ku Ulongwe."

"Kwa amayi anga."

"Chabwino. Ngati palibe woulula, mawa tipita kwa munthu woona pagalasi. Iyeyo satchula za lero zokha. Amafukula ndi za chaka chatha zomwe."

Za chaka chatha. M'makutu mwanga munalira ngati mwalowa njuchi. Ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha.

"Mwafunsa ife tokha. Nanga amene ankathira mchere m'ndiwo zanga ndili m'chikuta?"

Onse anatembenukira kwa ine.

"Lankhulani, mtengwa."

"Ndinaona mwamuna akutuluka m'nyumba mwa Mana Violeta m'mawa wina. Wovala jekete lachikopa, ngati oyendetsa makamyau a pamalire pa Kalomwe."

Sindinaone munthu aliyense. Jekete lija ndinalipeka pomwepo. Martinho anapuma mwamphamvu ngati munthu amene watula katundu, ndipo ndiye anayamba kudzuka.

4

Anawapeza Mana Violeta akupeta nyemba. Apongozi anamenya lichero, nyemba n'kumwazika pabwalo lonse, nkhuku n'kuthamangira.

"Gwada! Wandiphera mwana wanga Bartolomeu, tsopano ukufuna undipherenso mdzukulu?"

Anthu anasonkhana ngati kwagwa ndege. Mana Violeta anagwada pa fumbi, osalira.

"Mutchule mwamunayo!"

"Palibe mwamuna, mayi."

"Wajekete lachikopa uja ndi mzukwa?"

"Wanena zimenezo ndani?"

"Mayi wa mwana. Anamuona ndi maso ake."

Mana Violeta anatembenuka kundifunafuna m'gulu muja. Ine ndinali kumbuyo kwa amayi ena, mwana ali kumsana. Maso athu atakumana, sanandikalipire. Anangondiyang'ana monga anachitira tsiku la mbale lija, ngati akuwerenga chinthu cholembedwa pamphumi panga.

Anawamwetsa mankhwala owawa a m'chikho mpaka kusanza. Anatenga mchere wawo wonse n'kukautaya m'khola. Anyamata ankaimba mluzu, wina n'kukuwa kuti, "Nafenso majekete tili nawo, amayi!" Ndiye Martinho anabwera ndi hamala ndi chitsulo chozulira misomali.

"Nyumba iyi anamanga ndi achimwene anga. Chitseko ichi anagula ndi achimwene anga. Chinali choti chizisunga ulemu wawo, osati kubisa zigololo. Nyumba ya hule sifuna chitseko."

Anachizula. Chinali chitseko chabwino cha mlombwa, chopaka utoto wobiriwira, ndipo Mana Violeta ankachipukuta ndi mafuta Loweruka lililonse. Anachikoka pa fumbi n'kukachimangirira pakhomo pa khola la nkhumba.

Umenewo unali mwezi wa Julyu. Amene anagonapo kuno mwezi umenewo akudziwa kuti m'mawa madzi a m'chidebe amaluma zala. Mana Violeta anapachika thumba la adubu pakhomo, ndipo mphepo inkalikweza ndi kulitsitsa tsiku lonse, aliyense wodutsa n'kumaona mphasa yawo, mapoto awo, ndi chithunzi cha ukwati wawo pakhoma. Kutchalitchi amayi anasuntha pa benchi. Kumjigo ankawasiyira malo aakulu ngati ali ndi khate. Anayamba kutsokomola.

Mwana anamusambitsa mankhwala masiku asanu ndi limodzi. Apongozi ankati mimba ikuphwa. Ine ndinkayeza ndi kachingwe m'mawa uliwonse. Inkakula.

5

Tsiku lachisanu ndi chiwiri mudzi wonse unapita kukakumba kachewere. Anselmo anali atatentha thupi ngati mbaula, osayamwanso, maso atalowa m'kati. Ndinali nditakhala naye pansi, ndikungogwedezeka, pamene chitseko chinatseguka popanda odi.

"Ndipatse mwanayo."

"Mana, akakuonani muno..."

"Andichotsanso chiyani, denga? Ndipatse."

Anamuvula fralda, n'kuika dzanja pansi pa mchombo. Nkhope yawo inasintha.

"Ichi ndi chikhodzodzo, chadzaza mpaka kufuna kuphulika. Tenga kapulana ndi khadi lake. Ukakana, ndimutenga ndekha, ukanene kuti ndaba mwana. Kunama umakutha."

Ndinatenga kapulana, khadi, ndi kaderno yanga yakale yolembamo ku sukulu imene sindinkaisiya m'nyumba ndikamachoka. Tinadutsa kuseri kwa madimba mpaka pamsewu, n'kukwera shapa, minibasi ya ku Ulongwe.

Kuchipatala sanatiimike pamzere. Anamwino atangomuona anamunyamula n'kuthamanga naye. Anamulowetsa kapaipi kopyapyala ngati udzu kunjira ya mkodzo, ndipo ndinaona chimene ndinadikira miyezi iwiri. Mkodzo unatuluka, wakuda, wamatope, wonunkha, osaleka. Mimba ija inaphwa ine ndikuona. Mwana anapuma, n'kugona tulo timene sanagonepo chibadwire.

Adotolo anali bambo wachinyamata wolankhula Chinyanja chothyokathyoka. Anajambula pa pepala.

"Mayi, izi ndi impso, ichi chikhodzodzo, iyi njira yotulukira. Mwana wanu anabadwa ndi kanembanemba kotchinga njira imeneyi, m'kati. Zimachitika kwa ana aamuna okha. Mkodzo ukalephera kutuluka umabwerera m'mbuyo n'kumakankha impso mpaka kuziwononga."

"Si tsempho?" anafunsa Mana Violeta mokweza, akuyang'ana ine.

"Si mchere, si mwamuna, si mkazi. Kanapangika ali m'mimba, ndipo palibe amene anakaika. Koma mwachedwa naye kwambiri. Muli ndi pakati simunajambulitse ekografiya? Nthawi zambiri zimenezi zimaonekeratu."

Funso lija linali limeneli.

"Ayi, adotolo," ndinatero.

Anatipatsa kalata yotitumiza ku Tete, ndipo tinanyamuka pa ambulansi tsiku lomwelo.

6

Ku Tete tinakhala masabata atatu. Kutentha kwake ine wa kumapiri ndinkangoti ndifa. Mana Violeta ankagona pansi pa bedi, kuchapa nsalu za mwana, kundikakamiza kudya. Za jekete lachikopa sanazitchule ngakhale kamodzi, ndipo kusatchulako kunkandipweteka kuposa mbama. Martinho anabwera kawiri, n'kuima pakhomo la wodi osafuna kuyandikira.

Malungo a m'mkodzo atatsika, madotolo anati mwana ndi wamng'ono kwambiri kuti amuchotse kanembanemba kaja tsopano. Anamuboola kabowo pansi pa mchombo kuti mkodzo uzitulukira pamenepo, impso zipume, mpaka atakulako.

Panali namwino wina wachikulire, a Luciana, wa kwathu komwe kuno. Tsiku lina akundiphunzitsa kutsuka kabowo kaja anati, "Impso imodzi yatheratu, mwanangu. Inayo yatsala pang'ono, ndiye muisamale ngati dzira. Akanabwera sabata yoyamba, bwenzi tikunena zina. Koma usadziimbe mlandu. Ukanadziwa bwanji?"

Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinatulutsa kaderno ija, n'kusolola pepala limene linali pakati pa masamu a nona kalasi.

Tsopano ndikuuzeni.

Chaka chatha Martinho anapita kukagwira ganyu ku Moatize miyezi iwiri. Ine ndinali ku Ulongwe kudwazika bambo anga. Kumeneko ndinakumana ndi Rui, amene tinkakhala desiki limodzi ku sekundariya, tsopano woyendetsa njinga yamoto. Zinachitika kamodzi kokha. Patapita masiku khumi ndi awiri Martinho anabwerera, ndipo posakhalitsa ndinaima. Msambo wanga unali wosokonekera chisiyireni jakisoni wolera, choncho sindinadziwe kuti mimba ndi ya yani.

Itafika miyezi isanu ndi iwiri, ndinapita mobisa ku kachipatala kolipira kukajambulitsa, kuti makina andiuze masiku. Wojambulayo anati: "Ndi mwamuna. Koma impso zake zatupa, ndipo chikhodzodzo sichikuphwa. Mukachirire ku chipatala chachikulu, ndipo mukangobereka mukaonetse pepala ili. Musadikire ngakhale tsiku limodzi." Pamwamba pa pepalalo analemba kuti masabata makumi atatu. Ndinakhala pansi pa mtengo n'kuwerenga chobwerera pa kalendala ya m'telefoni. Chala chinagwera m'sabata ya Rui.

Martinho amadziwa kuwerenga, ndipo tsiku limene anabwerera ku Moatize amalikumbukira. Ulendo wa ku Tete akanandiperekeza ndi iye, pepala lili m'manja mwake. Ndinalipinda kanayi. Ndinadziuza kuti makina amanama, kuti mwana akabadwa zidzatseguka zokha.

A Luciana anawerenga pepalalo, n'kundimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anavula magalasi.

"Iwe mwana iwe. Masabata awa sitiwerenga kuyambira tsiku limene unagona ndi mwamuna. Timayambira m'mbuyo ndi masabata awiri. Ndiponso mimba ikakula chonchi, makina amaphonya ndi masabata awiri kapena atatu. Pepala ili silitchula bambo wa munthu. Limangonena za impso."

Ndinachotsa masabata awiri. Chala chinagwera m'sabata imene Martinho anabwerera.

Mana Violeta anali ataima kumiyendo kwa bedi, beseni lili m'manja.

"Pepalali unali nalo tsiku lija ankandiseka pakhonde?"

"Inde, Mana."

"Ndi tsiku la chitseko?"

"Inde."

Anagwedeza mutu pang'ono. Anatola nsalu zonyowa za Anselmo, n'kuziika m'beseni, n'kupita kukachapa.

7

Tabwerera kumudzi lero m'mawa. Anselmo wayamba kunenepa, ndipo dzana anamwetulira koyamba. Ndili ndi botolo la mankhwala oti azimwa tsiku lililonse, ndi tsiku lobwerera ku Tete lolembedwa pa khadi. Adotolo anandibwereza katatu: kabowo kaja kasatsekeke, kakatsekeka impso yotsalayo ipita.

Apongozi atamuvula mwana anakuwa ngati aona njoka.

"Mayo ine! Amuboola ngati chitini chothirira dimba! Mwamuna wokodzera pamimba munamuonapo kuti? Adzakwatira bwanji? Mfiti ija inalephera kumupha ndi mchere, ndiye yakamuboletsa!"

"Mayi, ndi kwa kanthawi chabe. Adotolo anati..."

"Adotolo ndi agogo ake? Ndaitanitsa kale sing'anga wa kutsidya kwa malire. Afika mawa m'mawa ndi utomoni wake, amate chibowo chimenechi, mkodzo ubwerere njira imene Mulungu anaika."

Ndinamukokera Martinho kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo a Anselmo, munamva nokha ku Tete. Akamata, mwana afa."

Sanandiyang'ane. Ankakanda khoma la nkhokwe ndi chikhadabo.

"Neusa, madotolo sakudziwa chimene chinachitika. Ine ndikudziwa. Uli m'chikuta, ndinagona kwa mkazi wina ku Moatize, n'kubwera kudzamunyamula mwana osasamba mankhwala. Ndinamudula ndine. Sing'angayo ndalankhula naye pa telefoni, abweretsa ndi mankhwala a bambo, mwachinsinsi. Usauze mayi."

Ndinayang'ana kukhola. Chitseko chobiriwira chija chinali pomwepo, chapakidwa matope ndi mphuno za nkhumba.

"Ndiye pozula chitseko chija munkadziwa?"

"Nanga ukanafuna ndinene pamaso pa azakhali?"

Anthu awiri, m'nyumba imodzi, pamphasa imodzi, aliyense atafumbata chake, tinakankhira mkazi wamasiye m'moto kuti tiothe.

Ndinabwerera pabwalo. Anthu anali adakalipo, odzaona mwana. Ndinaganiza kuti choonadi chikatuluka chonse, amvetsa kuti nthendayi inaoneka mwana asanabadwe, mchere usanathiridwe. Ndinakweza pepala lija. Ndinanena kuti mwamuna wa jekete ndinamupeka. Ndinanena za ekografiya, ndi chifukwa chimene ndinaibisira. Dzina la Rui ndinalitchula. Nditamaliza ndinayang'ana Martinho, kudikira kuti nayenso atule wake.

Anayenda pang'onopang'ono n'kundimenya mbama imene inandigwetsera pa mtondo.

"Mwamva nonse? Hule anali m'nyumba mwanga momwe!"

Apongozi anaimika manja kumwamba, nkhope ikuwala ngati apambana mlandu.

"Sitinanene? Tinati ndi tsempho, ndipo mwini wake waulula yekha! Mwana anadulidwa ali m'mimba!"

"Mayi, werengani pepalali, likunena za..."

"Ukakulungire fodya. Mawa ubwerera kwanu. Mwana atsala, ng'ombe tinapereka. Kaya ndi wa Rui kaya ndi wa Satana, mwana ndi wa ng'ombe."

Palibe amene anayang'ana kwa Mana Violeta. Palibe amene anati pepani. Chitseko chikadali kukhola.

8

Zovala zanga anaziponya panja. Apongozi anamutenga Anselmo, koma analira osalekeza mpaka anatopa naye, n'kundiponyera m'manja.

"Kamuyamwitse komaliza. M'nyumba ya mwana wanga sulowanso. Kagone ndi mnzako uko, muzikauzana za majekete."

Ndiye ndikulemba izi m'nyumba ya Mana Violeta, m'masamba otsala a kaderno ija, dzuwa likulowa ndipo thumba la pakhomo likukupiza.

Inu amene mukuwerenga, sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ena mwa inu mwanditukwana kale, ndipo simunalakwe. Chimene ndinachita ndi Rui chinali cha tsiku limodzi. Chimene ndinachita ndi pepala lija ndinkachichita m'mawa uliwonse kwa miyezi inayi, ndipo analipira ndi mwana amene sadziwa n'kutchula dzina langa lomwe, ndi mayi amene ankandithowa msana. Manyazi anga ndinawaika pa sikelo ndi impso za mwana wanga, manyazi n'kulemera. Ngati muli ndi khanda lachimuna, livuleni fralda mulione likukodza. Likamabuula, likamangodontha, pansi pa mchombo pakalimba, musadikire msonkhano wa akuluakulu. Ndipo pakhomo panu akamafunafuna amene wathira mchere, muyang'ane amene akutuluka thukuta kukuzizira.

Posachedwapa ndinagwada pamaso pa Mana Violeta. Anali akupinda zovala zawo n'kumaika m'thumba, pamodzi ndi chithunzi cha ukwati chija.

"Mana, ndikhululukireni."

"Ayi."

"Ndikudziwa kuti..."

"Sukudziwa kanthu. Sunagonepo mwezi wa Julyu m'nyumba yopanda chitseko, anyamata akukuimbira mluzu panja. Sindikukhululukira lero, mwina sindidzakukhululukira. Dzuka, ukundipingasa."

Ndinadzuka. Anatsokomola, n'kuloza mwana ndi chibwano.

"Mankhwala ake wamupatsa?"

"Ndamupatsa."

"Khadi lili kuti?"

"Lili m'kaderno."

"Sing'anga wawoyo afika dzuwa litatuluka. Shapa yoyamba ya ku Tete imadutsa pamsewu tambala asanalire kachiwiri. Ndili ndi mng'ono wanga kumeneko, amagulitsa makala pafupi ndi mlatho. Malo ogona anthu awiri ndi theka apezeka. Mwana ndibereka ine, iwe umanjenjemera, ungagwe naye m'madimba."

"Mukusiya nyumba yanu, Mana?"

"Nyumba yanga ili pakhomo pa nkhumba. Izi ndi zipupa chabe."

"Nanga akatimva tikutuluka?"

Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Tete, anandiyang'ana m'maso. Anatambasula dzanja n'kukweza thumba la pakhomo lija ndi chala chimodzi. Silinachite phokoso lililonse.

"Amva chiyani? Chimene chikanalira anachizula okha. Muyamwitse akhute, tinyamuka kusanache."